Lipoti la msonkhano wa ku Zomba: zomwe Bayoloji ya chaka choyamba imafuna kwa ana athu

A Tcheyamani, a Msungichuma ndi aphunzitsi anzanga a sayansi mu kilasita yathu, landirani lipoti la ulendo womwe munandituma. Msonkhanowu unali wa malekichara a Bayoloji a ku yunivesite pamodzi ndi ife a ku sekondale, ndipo funso linali limodzi: mwana wakhoza MSCE, wasankhidwa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, wakhala pansi m'kalasi ya chaka choyamba, kodi kumeneko amayembekezera kuti wabwera ndi chiyani m'mutu ndi m'manja? Malisiti a minibasi ndi a kogona ali kale kwa a Msungichuma. Amene ankang'ung'udza za alawansi ija ali ndi ufulu wokawaona.

Mwambo wotsegulira unali wa malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Kenako anatikumbutsa za makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, zomwe ngakhale mwana wa Fomu 1 amazidziwa.

Zinayamba kukoma titalowa mu labu. Mayi wina, lekichara wa kosi yoyambirirayo, anatipatsa aliyense anyezi, lezala, ayodini ndi maikulosikopu, n'kutiuza kuti tichite zomwe ana amachita masabata oyamba: kusenda kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa anyezi, kukayala pa silaidi, kudonthezapo ayodini, kupeza maselo, kuwajambula. Kujambulako kuli ndi malamulo ake. Pensulo yosongoka, mzere umodzi wosadukizadukiza, osapaka mthunzi, mizere yolozera mayina isapingasane, ndipo pansi ulembe kuti chinthucho chakulitsidwa kangati. Galasi la kudiso likakhala la 10 ndipo la pansi la 40, ndiye kuti ka 400. Mayiwo anati vuto si lakuti ana sadziwa selo ayi. Amalidziwa, amatchula ziwalo zake zonse mondondoza popanda kupuma. Koma ukawapatsa anyezi amakujambulira selo la m'buku, mpaka kuikamo ma chloroplast, tiziwalo tobiriwira tomwe zomera zimapangira chakudya, pamene kakhungu ka anyezi kalibe. Kwa iwo umenewo ndi umboni woti mwanayo sanasuzumire n'komwe.

Ine pamenepo mtima unathamangira kwathu kuno. Tinagwirizana kalekale kuti mamaikulosikopu omwe ali ku sukulu yaikulu ya kilasita aziyenda, sukulu iliyonse izikhala nawo masabata angapo pa teremu. Ayenda kangati? Ali m'kabati, ndipo kiyi ali ndi munthu amene nthawi iliyonse tikapitako timamva kuti "atuluka pang'ono". Mamaikulosikopuwo amatuluka m'kabatimo sabata ya pulakitiko ya MANEB basi, mwana wa ku CDSS n'kuona chipangizocho koyamba tsiku lomwe akulembera mayeso. Wosunga kiyiyo akuti amaopa kuti tiwononga. Nanga fumbi ndi chinyezi zomwe zikudya magalasiwo m'kabatimo si kuwononga? Nkhaniyi sinathe, a Tcheyamani, ndipo musaganize kuti ndinaiwala.

Chachiwiri ndi lipoti la mu labu, ndipo apa ndi pomwe ana ambiri amataya malikisi. Ku yunivesite mayeso a kumapeto kwa semesita si okhawo omwe amawerengedwa. Malipoti, ma asainimenti ndi mayeso a pakati zonse zimalowa m'magiredi. Anationetsa ndi mbatatesi. Umadula tizidutswa tofanana, kutiyeza kulemera, kutiviika m'madzi a shuga osiyanasiyana mphamvu, kena m'madzi opanda kanthu koyerekezera, kenako n'kutiyezanso. Ifenso timaphunzitsa osmosis imeneyi, kulowa ndi kutuluka kwa madzi m'maselo, koma timathera pakuti "kafota" kapena "kafufuma". Iwo amafuna nambala. Kachidutswa kachoka pa magalamu 5.0 kufika pa 4.4, mwana anene kuti katsika ndi 12 peresenti, abwereze kuyezako kangapo, apeze avareji, ajambule girafu, n'kuloza pomwe mzere wadutsa pa ziro, chifukwa pamenepo ndiye kuti mphamvu ya madziwo yafanana ndi ya m'kati mwa maselo a mbatatesi. Zotsatira zikabwera zosiyana ndi za m'buku, alembe zomwe wapezazo ndipo afotokoze chomwe chingakhale chasokoneza. Kukonza manambala kuti aoneke bwino, kukopera lipoti la mnzako kapena kutapa za pa intaneti osanena komwe wazitenga, kumeneko amakutenga ngati kubera mayeso.

Tamverani bwino: mbatatesi, shuga, lezala ndi rula. Kopanda sikelo umayeza kutalika. Palibe sukulu mu kilasita muno yomwe inganene kuti izi zaikanika chifukwa cha ndalama. Chomwe chimatikanika ndi nthawi, poti timathamangitsa silabasi, komanso chizolowezi cholembetsa manotsi pa bolodi belu mpaka belu.

Panalinso mawu amphamvu okhudza Kemisitiri. Masabata ambiri a semesita yoyamba amathera pa madzi, pH, mapuloteni, ma enzyme, ndi momwe selo limaphwanyira shuga kuti lipeze mphamvu. Mwana amene anasiya Kemisitiri ku Fomu 3 amafika kumeneko ali wosochera. Chigawireni Physical Science kukhala maphunziro awiri, ndaona ana ofuna unesi kapena udokotala akulangizidwa kuti asiye Kemisitiri n'cholinga choti zotsatira za sukulu zioneke bwino pa chipupa cha ofesi. Mphunzitsi wina wa kumpoto anati si kulakwa, mwana ayambe wapeza mapointi abwino, zinazo akaziona kutsogolo. Ine sindinavomere. Mapointi amenewo amulowetsa pa geti, koma amene adzamuchotse pakutha pa chaka ndi Kemisitiri yomweyo, makolo atagulitsa kale mbuzi.

Masana ena kunali za laibulale ndi za ngongole za ophunzira. Mapepala ake ndabwera nawo.

Tsopano ndifike pa gawo lomwe, kunena zoona, lokha linakwanira kulipira ulendo wonse. Bambo wina wofufuza za nsomba anaphunzitsa evolution, kusintha kwa mitundu ya zamoyo m'mibadwo yambiri, osayambira ku zilumba za Galápagos kumene Darwin anafika, koma ku Cape Maclear. M'nyanja yathu muli mitundu yoposa 500 ya nsomba za banja limodzi la cichlid, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse padziko. Mbuna, utaka ndi chambo ndi za banja limeneli. Usipa, mpasa ndi kampango ayi. Chifukwa cha nsomba za cichlid zimenezi, bungwe la UNESCO linaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Anatiyalira mitu ya nsomba pa tebulo kuti tione tokha. Mbuna ili ndi mano opalira ndere pa miyala. Utaka umadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi. Kaligono, nsomba ina ya banja lomweli, amagona chammbali pa mchenga ngati wafa, tiana ta nsomba tikabwera kudzadya mtembowo iye n'kutimeza. Kukhosi kwa nsombazi kuli nsagwada zachiwiri zopera chakudya, choncho za kukamwa zinamasuka kusintha malinga ndi chomwe mtundu uliwonse umadya. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga, ndiye gulu la pa miyala iyi limatalikirana ndi la pa miyala iyo, zazikazi n'kumasankha zazimuna potengera maonekedwe a khungu, mpaka magulu awiriwo kuleka kuberekana. Ndipo DNA ya mitundu iwiri ya mbuna imafanana kwambiri kuposa momwe ya munthu imafananira ndi ya chimpanzi.

Atatero anatifunsa funso lomwe amafunsa ana ake: popeza chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, chimachitika n'chiyani khoka likakokedwa m'malo oswerana pa nthawi yoswana? Palibe pa tsamba lililonse la manotsi pomwe yankho lalembedwa, koma mwana amene wamvetsa aliyankha, ndipo amvetsanso chifukwa chomwe boma limatsekera usodzi miyezi ina. Mafunso a ku yunivesite ndi otere. Wa za chibadwa anachitanso chimodzimodzi ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo: makolo onse awiri akakhala ndi gene imodzi ya matendawa (gene ndi kachidutswa ka chibadwa komwe mwana amatengera kwa kholo), pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa 4 woti mwana adwale, masamu omwe aja a nsawawa za Mendel, yemwe anayambitsa maphunziro a za chibadwa. Ndiye n'chifukwa chiyani gene yoopsa chotere yachuluka kumadera a malungo? Chifukwa amene ali ndi imodzi yokha amatetezekako ku malungo aakulu.

Ndikudziwa kuti pakati pathu alipo amene mutu wa evolution amaudumpha, kapena amangowauza ana kuti akawerenge okha, ati zikutsutsana ndi za ku tchalitchi. Inenso Lamulungu ndimapita. Koma mutuwo uli mu silabasi, ndipo malekichara ananena mosabisa kuti kosi yonse yaima pamenepo, kuyambira pa kusanja zamoyo m'magulu mpaka pa chifukwa chomwe mankhwala a malungo a chloroquine analekera kugwira ntchito, dziko lathu n'kuwasiya mu 1993. Mwana safunsidwa chomwe amakhulupirira. Amafunsidwa kuti afotokoze umboni. Tikamudumphitsa ife, akakumana nazo yekha m'holo yodzaza anthu momwe palibe womudikira.

Msonkhano unamanga mfundo ziwiri. Yoyamba, malekichara atumiza buku lawo la mapulakitiko a chaka choyamba pa WhatsApp kuti tizitengamo zomwe tingathe. Ndi zabwino, koma pa sukulu yopanda magetsi bukulo lithera mu foni ya mphunzitsi, choncho ndikupempha kuti thumba la kilasita lisindikize limodzi pa sukulu iliyonse. Yachiwiri, ambiri anavomereza maganizo oti pakhale makalasi olipira okonzekeretsa ana osankhidwa asanayambe semesita. Ine dzanja sindinakweze. Amene angalipire ndi omwe aja anachokera ku sukulu zokhala ndi labu, ndipo wathu wa ku CDSS, amene makalasiwo akumufunikira, adzakhala ali kumunda akusaka ya thiransipoti.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu ndikupempha mphindi 40 kuti tichite limodzi za mbatatesi zija, aliyense abwere ndi rula ndi lezala, shuga ndigula ndekha. Ndipo a Tcheyamani, nkhani ya mamaikulosikopu ikhale yoyamba pa ajenda, osati pa "zina ndi zina" anthu atayamba kale kuyang'ana njinga zawo. Amene amasunga kiyi aitanidwe ndi kalata, ndipo kiyiyo abwere naye.