Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chingerezi: mawu akuti plausive

Aphunzitsi anzanga, zikomo kwambiri pondituma kumsonkhano uja. Za mayeso ndi kagawidwe ka mabuku ndapereka kale kwa a wapampando. Pano ndikufuna ndikufotokozereni gawo limene linandigwira mtima, la mawu akale amene ana athu amapunthwa nawo akamawerenga Shakespeare.

Amene ankatsogolera gawoli anasankha mawu akuti plausive, amene masiku ano simungawamve pakamwa pa Mngelezi. Gwero lake ndi mneni wa Chilatini plaudere, kuomba m'manja. Kale ku Roma sewero likamatha, wosewera ankauza anthu kuti "plaudite", ndiye kuti ombani m'manja, ndipo masewero ambiri a Plautus ndi Terence, olemba masewero a Chilatini, amathera pamenepo. Choncho kunena kuti chinthu ndi plausive kunali kunena kuti n'chotamandika, choyenera kuchiombera m'manja.

Mu Hamlet, sewero la cha m'ma 1600, mawuwa akunena za makhalidwe amene anthu amakondwera nawo. Koma tinakhalitsa pa All's Well That Ends Well, sewero lina la Shakespeare. M'menemo mfumu ya France ikukumbukira malemu bambo ake a Bertram, mnyamata wa m'seweroli, n'kunena kuti zoyankhula zawo zinali plausive. Ikuwalemekeza ndi mtima wonse. Kutsogoloko, m'sewero lomwelo, Parolles, munthu wamantha koma wodzitama, akusakasaka bodza loti anzake alikhulupirire, ndipo naye akuti bodzalo likhale plausive, ndiye kuti lomveka ngati choona. Mwana amene waloweza tanthauzo limodzi lokha, pena pake asokera ndithu.

Mawu akuti plausible nawonso anayenda njira yomweyo: poyamba ankanena za chotamandika, lero amanena za chinthu chomveka ngati choona, mwina chili chabodza. Ngakhale explode ndi wa banja lomweli. Asanayambe kunena za mabomba, ankatanthauza kupirikitsa wosewera pabwalo ndi phokoso.

Ena anadandaula kuti uku n'kutaya nthawi, poti mawu otere sabwera pamayeso. Ine sindinagwirizane nawo, ndipo ndinanena poyera. Vuto la ana athu si mawu achilendo okha ayi. Akapeza mawu achilendo amafunsa. Amene amawagwetsa ndi aja ooneka ngati akuwadziwa kale, chikhalirecho tanthauzo linasintha m'zaka 400 zapitazi.

Pempho langa ndi lakuti tikadzakumananso, aliyense adzabwere ndi mawu otere ochokera m'buku limene akuphunzitsa teremu ino, tidzawafufuze limodzi m'dikishonale yosonyeza magwero a mawu.