Kugwa kwa maboma m'ngongole si mgodi wa a forex

Akonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa mphekesera imene yafala pakati pa achinyamata ochita malonda a ndalama zakunja pa intaneti, amene ambiri timangowatchula kuti a forex, yakuti nyengo imene maboma akutsamwidwa ndi ngongole ndiyo nyengo yokolola. Iwo amati dziko likayamba kulephera kubweza ngongole ndalama yake imagwa mphamvu basi, choncho amene waigulitsa msanga amaseka. Ndakhala ndikutsatira misika imeneyi kwa zaka zambiri ndipo ndikuona kuti ganizo limeneli likupweteketsa anthu ochuluka kuposa amene likuwapindulira.

Sindikutsutsa kuti ndalama zimagwadi. Pa 17 Ogasiti 1998 boma la Russia linaleka kulipira ngongole zake zam'dziko momwemo, ndipo ruble, imene inkasinthidwa pa 6 pa dola imodzi, inapitirira 20 patangotha masabata ochepa. Argentina inasunga peso yake molingana ndi dola kuyambira 1991, koma italephera kulipira ngongole mu Disembala 2001, peso inatsala pang'ono kufika pa 4 pa dola imodzi pakati pa chaka chotsatira. Funso limene achinyamatawa safunsa ndi lakuti ndani anatha kugulitsa pa nthawiyo. Ku Argentina boma linaika malire pa ndalama zimene munthu angatape kubanki, kenaka madola amene anthu anasungitsa anasandutsidwa mapeso mokakamiza. Ku Sri Lanka mu 2022 madola anasoweratu, moti ngakhale wodziwa kuti rupee ikugwa analibe kokawagula. Phindu limene limaoneka bwino pa tchati zinthu zitachitika kale, pa tsiku lenilenilo limakhala kuseri kwa chitseko chokiya.

Komanso msika suyenda nthawi zonse monga mmene nzeru zapamwambamwamba zimayembekezera. Mu Ogasiti 2011 bungwe la Standard & Poor's, loyesa kudalirika kwa okongola, linatsitsa United States pa mlingo wapamwamba kwambiri wa AAA kwa nthawi yoyamba, koma anthu a chuma, m'malo mothawa, anathamangira kukagula ngongole za boma lomwelo. Chifukwa chake n'chakuti dzikolo limakongola m'madola, ndalama imene limasindikiza lokha, pamene Zambia mu 2020 kapena Ghana mu 2022 zinali ndi ngongole za m'ndalama imene sizingasindikize. Kusiyana kumeneku ndiye mutu wa nkhani yonse, koma aphunzitsi a forex odzadza pa Facebook ndi pa YouTube sindinawamvepo akukutchula.

Za ku Greece nazo n'zophunzitsa. Mu 2012 amene anakongoza dzikolo anavomera kutaya ndalama zopitirira theka la zimene anayenera kulandira, ndipo ambiri anabetcha kuti yuro yatha. Mu Julayi chaka chomwecho Mario Draghi, amene ankatsogolera European Central Bank, banki yaikulu ya maiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro, analankhula ku London kuti bankiyo idzachita chilichonse chofunika kuti yuro ipulumuke. Yuro inachoka pa madola pafupifupi 1.21 n'kupitirira 1.30 pofika mu Seputembala. Amene anabetchawo anawerenga bwino za ngongole ya Greece, koma anagwetsedwa ndi pakamwa pa munthu mmodzi.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi chimene chinachitika pa 15 Januwale 2015. Mantha a ngongole za ku Ulaya anachititsa anthu kuthawira ku franc ya Switzerland, ndipo kuyambira mu 2011 banki yaikulu ya dzikolo inkatchinga kuti yuro isatsike kupitirira ma franc 1.20. Tsikulo bankiyo inachotsa tchingalo popanda chenjezo, franc inakwera pafupifupi 30 peresenti m'mphindi zochepa, ndipo ma stop loss, malamulo otsekera malonda msanga mtengo ukafika poipa, amene anthu ankadalira sanagwire chifukwa panalibe wogula pa mitengo imeneyo. Ena anatsala ndi ngongole kwa ma broker awo, makampani amene ankachitirako malondawo, ndipo imodzi mwa makampani otere, Alpari UK, inagwa.

Mwana wa mchemwali wanga anandionetsa foni yake usiku wina, nkhope ili ngwee, kuti ndione akaunti yake. Anali ataikamo madola 300, ndipo broker wake anamulola kuchita malonda a madola 30,000, zimene iwo amati leverage. Ndinamufunsa kuti mtengo ukangosuntha ndi 1 peresenti motsutsana naye adzatsala ndi zingati, ndipo atawerengera yekha anakhala duu. Sanandimvere, poti malonda atatu oyambirira anali atamuyendera. Ndalamayo inatha iye ali mtulo, pamene nduna ya zachuma ya dziko lina inalengeza kuti yagwirizana ndi IMF, nkhani imene anaimva m'mawa akauntiyo ili kale mbee. Si iye yekha: mu 2018 bungwe la ESMA, loyang'anira misika ya ku Ulaya, linapeza kuti maakaunti 74 mpaka 89 pa 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda otere amaluza, ndipo linachepetsa leverage kufika pa 30 pa ndalama zikuluzikulu, kutanthauza malonda osapitirira ka 30 ndalama imene munthu waika.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamalemba za dziko limene lili pa chiopsezo, azitiuza kuti ngongoleyo ili m'ndalama yanji, ikuyenera kubwezedwa liti, ndipo banki yaikulu ya dzikolo yatsala ndi madola angati. Ndipo pamene mwalandira zotsatsa za makampani a forex, ndikupempha kuti chiwerengero cha makasitomala awo amene amaluza chizilembedwa ndi zilembo zofanana kukula ndi za malonjezo awowo.

Ine wanu,
Wowerenga wodandaula