Tsamba limene nkhunda inabweretsa

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo ukukula. Amayi ako andiuza kuti masiku ano ukajambula chilichonse umachipaka mtundu wobiriwira, ngakhale dzuwa lomwe. Ndasangalala kwambiri, pakuti mtundu umenewu uli ndi nkhani yake, ndipo ndikufuna uimve kuchokera kwa ine.

Ukudziwa chimene chimabiriwitsa tsamba? M'kati mwake muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa chlorophyll. Timagwira kuwala kwa dzuwa n'kuthandiza mtengo kupanga chakudya chake kuchokera ku madzi ndi mpweya, kenaka mtengowo umatulutsa mpweya wabwino umene iwe ndi ine timapuma. Ndiye ukaona tsamba lobiriwira, dziwa kuti lili pantchito, lili ndi moyo.

Tsiku lina uchite izi amayi ako ali pomwepo. Upeze kamtengo kamene kayoyola masamba onse, kooneka ngati kakufa. Ukande pang'ono khungwa la kanthambi kake ndi chikhadabo. Ukapeza kuti kunsi kwa khungwalo n'kobiriwira ndi konyowa, kamtengoko n'kamoyo, kakungodikira mvula kuti kaphukenso. Usakande kwambiri, pang'ono pokha.

Ndikakumbukira zimenezi ndimaganiza za Nowa. Iye anakhala m'chingalawa miyezi yambiri, madzi ali ponseponse. Anatuma nkhunda, koma inabwerera chifukwa inasowa potera. Anadikira masiku 7 n'kuitumanso. Madzulo inabwera italuma tsamba lanthete la mtengo wa azitona. Katsamba kamodzi kokha, mwana wanga! Nowa anali asanatulukebe m'chingalawa, koma mtima wake unakhala pansi, chifukwa anadziwa kuti kwinakwake mitengo yayambanso kuphuka. Kenaka Mulungu anaika utawaleza kumwamba monga chizindikiro cha pangano lake. Ukadzauona, uwerenge mitundu yake 7. Wobiriwira uli pakati penipeni, itatu pamwamba pake, itatu pansi pake.

Anthu opemphera ambiri amaukonda mtundu umenewu. Ansembe a Katolika amavala zobiriwira pa Misa masabata ambiri a chaka, pokumbutsa anthu za chiyembekezo ndi kukula m'chikhulupiriro. Asilamu nawonso amaulemekeza. Amati anthu a ku Paradizo adzavala zobiriwira, ndipo denga lozungulira la pa mzikiti wa Mtumiki Muhammad ku Medina ndi lobiriwira.

Tsono tamvera, mdzukulu wanga. Adzakhalapo masiku amene mnzako adzakukana pamasewera, kapena udzadwala, kapena udzangomva kulira kukubwera osadziwa chifukwa chake. Ngakhale akuluakulu zimatichitikira. Usabise, ndipo usachite manyazi kulira. Uuze amayi ako kapena atate ako, akugwire dzanja mutuluke panja, mukakhale pansi pa mtengo wamasamba ambiri. Uyang'ane m'mwamba, upume pang'onopang'ono. Maso amapumula akaona zobiriwira, ndipo mtima nawonso umayamba kuzizira. Ukafuna upemphere, ngakhale mawu awiri okha, Mulungu amamva ana.

Ngati utoto wako wobiriwira watha, usadandaule. Usakanize wachikasu ndi wabuluu, uone chimene chituluke. Undijambulire mtengo waukulu wokhala ndi mbalame, amayi ako anditumizire. Uwapatse moni onse kunyumbako.

Ndine agogo ako okukonda.