Kalata yochokera ku Glasgow

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwazizira, dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane, ndiye majombo ndawapumitsa kaye. Munandifunsa komwe ndinkasowera Loweruka lililonse chaka chino. Ndinali kumapiri.

Mu 1891 Sir Hugh Munro analemba mndandanda wa mapiri a ku Scotland otalika mafiti oposa 3,000. Mapiriwa amatchedwa ma Munro. Lero alipo 282, ndipo anthu amawakwera limodzilimodzi n'kumachonga. Ku Lake District, ku England, kuli mndandanda wina wa mapiri 214 a Alfred Wainwright. Ine ndalawako yonse iwiri, ndipo ndafikanso pa Snowdon ku Wales.

Mukamva kuti Ben Nevis, lalitali kuposa onse kuno, ndi mamita 1,345, mutha kulipeputsa poti Sapitwa ndi 3,002. Musatero. Kukwera kumayambira kufupi ndi Fort William, m'mbali mwa nyanja, ndiye mamita onsewo umawalipira ndi miyendo yako. Pamwamba m'pamiyala yokhayokha, palibe mtengo ndi umodzi womwe. Pali mabwinja a nyumba yoyezera nyengo yomwe inatsekedwa mu 1904. Nditafika panali nkhungu yoti mnzako woima pafupi osamuona, zala zitauma mpaka kulephera kutsegula zipi ya chikwama. Chakumpoto kuli phompho lalikulu, choncho potsika timayenda ndi kampasi, kuchoka pa mulu wina wa miyala kupita pa unzake. Umenewo unali mwezi wa June.

Ena amanyoza ochonga mapiri, akuti angotengeka ndi manambala. Ine sindivomereza. Pakadapanda mndandandawo sindikadafika m'zigwa zomwe ngakhale obadwira konkuno ambiri sanapondemo. Kumeneko kuli tinyumba ta miyala totchedwa bothy, tosakhoma, taulere, tokhala ngati Chisepo ya pa Mulanje, kungoti mlonda palibe ndipo nkhuni umasenza wekha. Usiku wina tinagona mmenemo ndi mkulu wina wopuma ntchito yauphunzitsi, masokosi athu atayanikidwa pamoto. Anatigawira supu, natiuza njira yodutsa chithaphwi chomwe chikadatimeza mpaka m'mawondo.

Chimene chimandipweteka ndi anthu okakamira kukwera mphepo ikuwomba koopsa, kungoti achonge. Opulumutsa anthu kumapiri kuno ndi ongodzipereka, salandira malipiro, amasiya mabanja awo usiku kukasaka munthu amene akadangobwerera. Zikavuta ndimatembenuka, ngakhale nsonga ndikuiona.

Tizilombo totchedwa midges ndisatiiwale. M'chilimwe mphepo ikangoleka timabwera chigulu, kulowa m'makutu ndi m'tsitsi, mpaka umadya utavala ukonde kumutu.

Mtima wanga tsopano uli pa Inaccessible Pinnacle, pa chilumba cha Skye. Ndi thanthwe lopyapyala, ndipo pa ma Munro onse ndi lokhalo lofuna luso lokwera ndi chingwe. Munro mwiniwake anamwalira mu 1919 asanalikwere. Ndayamba kuphunzira kumanga mfundo ndi kutsika pachingwe, kuti dzinja la kuno likatha ndikayese ndi wotsogolera wodziwa.

Zaulendo wanu zija zikatheka, tidzayambira Ben Lomond, ndi pafupi ndi kuno ndipo njira yake ndi yooneka bwino. Jekete lamvula ndidzakubwerekani. Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo mundilembere ngati mvula yayamba bwino kumudzi.

Ndine mnzanu wakalekale.