Mvuu za Escobar sizinafe, zinachulukana

Wokondedwa Mkonzi,

Ndinakulira m'mbali mwa Shire, komwe mvuu sitiionera pa chithunzi. M'mawa tinkapeza mapazi ake a zala zinayi m'dimba, chimanga chili mbwee pansi, ndowe zitamwazikana pa bango poti imapukusa mchira ikamadzithandiza. Choncho ndikamva anthu akunena kuti chilombo chikachoka kwawo chimangofa ndi nyengo yachilendo, ndimalakalaka atamva za ku Colombia.

M'zaka za m'ma 1980, Pablo Escobar, mkulu wozembetsa mankhwala osokoneza bongo uja, anaitanitsa mvuu zinayi, yamphongo imodzi ndi zazikazi zitatu, n'kuziika pa famu yake ya Hacienda Nápoles. Ataphedwa mu Disembala 1993, mvuuzo anangozisiya pomwepo, chifukwa kunyamula chinyama choposa tani imodzi si masewera. Zinatuluka n'kulowerera mu mtsinje wa Magdalena. Pofika 2023 zinali zitapitirira 160.

Chinazisunga n'chiyani? Kuno chilimwe chikalimba madambo amauma, msipu umatha, mvuu zimapanikizana m'maiwe n'kumavulazana, ndipo ana ake amatha kugwidwa ndi mikango kapena ng'ona. Kumeneko mvula ndi yambiri, udzu ndi wobiriwira pafupifupi chaka chonse, ndipo palibe chilombo choziopseza. Zinapeza kuchilendo kukoma kuposa kwawo.

Akulira ndi eni dera. Asodzi amapalasa bwato mtima uli m'mwamba, ndipo mantha amenewo ine ndimawadziwa. Ndowe zikuipitsa madzi omwe nsomba, akatumbu ndi nyama yofatsa yotchedwa manatee zimadalira. Mu 2009 alenje atawombera mvuu ina yotchedwa Pepe, anthu anakwiya kwambiri ataona chithunzi cha asilikali ataima pa mtembo wake, moti kuzipha kunasanduka nkhani yovuta. Mu 2022 boma linalengeza kuti mvuu ndi nyama yachilendo yowononga chilengedwe, ndipo lakhala likuyesa kuzifula, ntchito yodula komanso yoika moyo pachiswe.

Ifenso tili ndi mlendo wochokera ku South America komweko, ngakhale iye ndi chomera. Namasupuni anadzaza Shire, amakola maukonde, amatseka njira za mabwato, ndipo amavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula. Nyanja ya Victoria nayo inataya mitundu yambirimbiri ya nsomba zake atathiramo nsomba yolusa ya Nile perch m'ma 1950.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva ena akuti tibweretse nsomba zakunja zokula msanga m'madamu athu. Damu limasefukira mvula ikachuluka, ndipo madzi akewo amathera mu mtsinje kapena m'nyanja momwe muli chambo ndi mbuna. Ndikupempha a nthambi ya za usodzi kuti asagonje pa nkhaniyi, ndipo aziyendera madamu a m'mbali mwa nyanja kuti aone zomwe zikuwetedwamo.

Wowerenga wanu,
Liwonde