Lipoti la ku Zomba: tsiku tawina, kiyibodi taluza, za ndalama tiyankhe ndife

Moni nonse pagulupu pano, a tcheya, a kwayamasitala, mayi msungichuma ndi oyimba nonse. Pepani lipotili lachedwa, ndimayenera kulipereka Lachitatu ku pulakatisi koma mvula ija munaiona nokha, tinabwera anthu 9 basi ndipo atena kunalibe ndi mmodzi yemwe, nde ndati bola ndingolemba pano aliyense awerenge yekha pasadzapezeke wina wonena kuti ine sindinamve. Ndi lalitali ndithu, pirirani.

Mukukumbuka munandituma zinthu zitatu ku msonkhano wa nthumwi za makwaya amene tikufuna kupanga konsati imodzi mu Disembala. Kuti tsiku lisagundane ndi Khirisimasi, kuti atilole kuimba ndi kiyibodi yathu, komanso kuti ndalama za pageti tidzagawane mofanana. Ndinapita ndekha chifukwa kwa mlongo wathu amene timayenera kupitira limodzi kunagwa zovuta, mukudziwa kale. Ndinakwera minibasi mu Limbe cha m'ma 6 koma ndi kuima kwa pa Mbulumbuzi, Namadzi, Thondwe konseko kudikira anthu, ndinakafika pemphero lotsegulira litatha. Makwaya tinalipo 11, ena amtauni ngati ife, ena ochokera mbali za ku Domasi, Chiradzulu ndi Phalombe, ndipo ambiri ndi ngati ifeyo, anthu a mipingo yosiyanasiyana ongokonda kuimba, palibe amalipidwa.

Za tsiku sitinalimbane n'komwe, aliyense anabwera ndi dandaulo lomwelo loti sabata ya Khirisimasi oyimba amakhala ku mipingo yawo ena apita kumudzi. Tagwirizana Loweruka lachiwiri la Disembala, kuyamba 1 koloko masana kutha 5 koloko kuti akutali apeze magalimoto kusanade. Kwaya iliyonse mphindi 12, kukwera ndi kutsika komwe zili momwemo, ndipo akuti a kwayamasitala asadzayambe ulaliki asanaimbitse nyimbo kkkk sindinatchule dzina la munthu.

Tsopano nkhani ya kiyibodi. Apa ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse chifukwa ndikudziwa ena mwamva kale mphekesera yoti ndinakagulitsa kwaya.

Ndinalankhula monga munandiuzira. Ndinati ife nyimbo zathu zonse tinaphunzirira pa kiyibodi, achinyamata masiku ano sangalipire tikiti kudzamvera mawu okha, ndipo makwaya atatu amtauni anandiombera m'manja. Mbali inayo anati konsati imeneyi ndi ya makwaya osati ya mabandi, ndipo mayi wina wa ku Phalombe ananena mawu amene anandiwawa panthawiyo, anati kiyibodi ikalowa alito ndi atena amabisala kuseri kwa biti, amangotsegula pakamwa nyimbo akuimba ndi masipika. Tinakanganapo mpaka nthawi ya nkhomaliro osagwirizana, wapampando wa msonkhano anati chabwino masana makwaya awiri amene abwera ndi oyimba awo atiimbire kaye timve kenako tivote.

Inayamba kwaya ina yamtauni, yunifomu yokongola, kiyibodi yabwino kuposa yathu, mnyamata wake woimba bwino zedi. Nyimbo ili pakati magetsi thii. Abale anga, ndinachita manyazi ngati ndi ife. Asopulano anakokera mzere umodzi, abesi anangoti zii kuyang'ana kwa mnyamata wa kiyibodi, alito aliyense anagwira kiyi yake, pasanathe theka la mphindi nyimbo yafa anthu akuseka ena akuthamangira kukafunsa za jenereta yomwe inalibenso mafuta. Sindikuwanyoza ayi, chifukwa ndikukhala pamenepo ndimaganiza za ukwati uja tinakaimba chaka chatha adaputa itapsa, munaona mmene tinathera.

Kenako anakwera a kumudzi aja, anthu 16 okha, ena avala masilipasi. Wowatsogolera, bambo wachikulire amene anapuma pa uphunzitsi, anatulutsa m'thumba kachitsulo kokhala ngati foloko ya mano awiri, kumenya pabondo, kuika kukhutu, n'kung'ung'udza doh mi soh, aliyense watenga mawu ake, basi nyimbo yayamba. Holo yonse chete. Abesi anali anayi okha koma umawamva m'chifuwa, ndipo pamene amatsitsa mawu mpaka kunong'ona umamvabe magulu onse anayi paokhapaokha. Atamaliza mkulu uja anamenyanso kachitsulo kaja kutionetsa kuti sanatsike kiyi olo pang'ono, pomwe ife tikaimba opanda kiyibodi timayamba pa F kukathera pa E ngati tikutsika phiri la Zomba.

Voti inatha 7 kwa 4, ndipo kuti musamve kwa ena, ine ndinavotera kiyibodi monga munandituma, dzanja langa linali m'gulu la anayi oluzawo. Koma mtima wanga unali utasamuka kale, sindinama. Zomwe zagwirizanidwa ndi zoti nyimbo zonse ziimbidwa ndi mawu okha, ng'oma ndi visekese zololedwa pa nyimbo yachikhalidwe, kiyibodi ingopereka kiyi poyambira basi. Mathiraki a pa fulashi ayi.

Magetsi asanayake mkulu uja anapemphedwa kuti atiphunzitse pang'ono solofa, ndipo ola limeneli kwa ine ndi limene linabweza ndalama ya thiransipoti. Ambirife timaona timalemba d r m f s l t pamwamba pa mawu a nyimbo m'mabuku akale aja n'kumangodumpha. Anatiuza kuti njira imeneyi inayambira ku England, mayi wina Sarah Glover wa ku Norwich ndi amene anaiyamba pophunzitsa ana, kenako m'busa John Curwen anaikonza n'kuifalitsa kuyambira zaka za m'ma 1840, ndipo cholinga chake chinali chomwechi choti anthu wamba opanda piyano, opanda sukulu ya nyimbo, azitha kutenga pepala n'kuimba nyimbo yomwe sanaimvepo. Kuno inabwera ndi amishoni, ku Blantyre, Livingstonia, Nkhoma, nchifukwa chake agogo athu ena amene sanafike patali ndi sukulu amawerenga solofa kuposa ife a madigiri. Ndipo si yovuta mmene timaiopera. Timadontho tiwiri tija timalekanitsa mabiti, kadontho kamodzi kamadula biti pakati, kamzere kogona ndiye kuti kokerabe noti yomweyo usapume, ka 1 kakakhala pamwamba pa lemba ndiye kuti ndi noti yam'mwamba, kakakhala pansi ndi yam'munsi. Pamwamba pa pepala amalemba kuti doh ndi kiyi yanji, ndiye ukangopeza doh wako zonse zimayenda, kiyi isinthe isasinthe masitepe ake ndi omwewo. Mu ola limodzi nthumwi tonse tinaimba mizere inayi imene analemba pa bolodi m'magulu anayi, ineyo amene zaka 8 mukwaya muno ndakhala ndikudikira a kwayamasitala andiimbire kaye pati yanga katatu kuti ndiloweze.

Ndikulimbikira za solofazi chifukwa cha nyimbo zoimbira pamodzi. Makwaya onse 11 tidzatsegula ndi nyimbo ya fuko, ija anapeka a Michael Sauka imene tinayamba kuimba 1964, koma m'magulu anayi bwinobwino osati mmene timaimbira ku asembule tonse pa sopulano. Potseka ndiye pali ntchito, asankha Hallelujah ya mu Messiah, chinyimbo chachitali cha magawo atatu chimene anapeka Handel. Ndinayesa kunena kuti ndi yolemera kwa makwaya ngati yathu koma akuluakulu anaikakamira, walira mvula walira matope, si tinkafuna konsati yaikulu. Ili mu kiyi ya D, mphindi zinayi zokha koma magulu amalowa mosinthana, wina akuyamba mnzake ali pakati, nde ukaloweza ndi khutu lokha n'kusokonezeka kamodzi sungabwererenso, umangodikira pothera. Asopulano amakafika pa A wam'mwamba, atenanso ali ndi A wawo, ndiye inu amene mumakuwa ndi kukhosi muyambiretu kumwa madzi ofunda. Kachitsulo ka mkulu uja kamalira A yemweyo, mu kiyi ya D ameneyo ndi soh, amangotsika soh mi doh wapeza poyambira, nzeru zake zimenezo. Mapepala a solofa ndabwera nawo, kope imodzi ya nyimbo iliyonse, tifotokope tokha.

Wina anafunsa kuti nyimbo imeneyi ndi ya Khirisimasi kodi, mkulu uja anaseka anati kwenikweni imabwera kumapeto kwa gawo lachiwiri la Messiah, atatha kuimba za imfa ndi kuuka kwa Yesu, ndipo ulendo woyamba inaimbidwa mu Epulo 1742 ku Dublin, nyengo ya Pasaka, koma anthu anaizolowera mu Disembala. Anawonjezera kuti konsati yoyambayo inali yothandiza zipatala ndi anthu omangidwa chifukwa cha ngongole, ndipo okonza konsatiyo anapempha amayi asavale madiresi otukumuka aja, abambo asiye malupanga kunyumba kuti muholo mukwane anthu ambiri, analowa pafupifupi 700. Ananena dala zimenezi chifukwa amadziwa kuti nkhani yotsatira ndi ya ndalama.

Ndisanafike kumeneko, za malo. Blantyre ndi imene yasankhidwa chifukwa ogula matikiti ambiri ali kuno. Wina anatchula St Michael and All Angels, tchalitchi cha njerwa chija anamanga David Clement Scott ndi anthu akuno kuyambira 1888 mpaka 1891, kuti mawu amamveka bwino mmenemo, koma oyimba tokha tikaphatikizana tipitirira 300 ndiye omvera adzakhala pati. Komiti ya anthu atatu ikufufuza holo, ndipo chimene ndinakakamira ine ndi choti ikhale ya siling'i. Disembala, denga la malata, mvula ya masana, opanda kiyibodi, tidzangooneka pakamwa pakuyenda. Mamaiki adzakhala opachika otola kwaya yonse, a m'manja a munthu mmodzi ayi, pepani alongo athu a masolo.

Ndalama tsopano. Tikiti akuganiza K5,000 akulu, K2,000 ana asukulu, kwaya iliyonse ipatsidwa buku lake la matikiti, ndipo pa posita padzakhala nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba za komiti osati za munthu. Pa kagawidwe ndi pamene zinavuta mpaka wapampando anati aliyense akafunse kwawo. Ife tinati mofanana. Makwaya ena amtauni akuti iyayi aliyense atenge molingana ndi matikiti amene wagulitsa, wogona asadye thukuta la mnzake. Akumudzi akuti nanga ife tikagulitsa kwa ndani matikiti a konsati ya ku Blantyre, chonsecho ndife tilipire lole yonyamula anthu. Enanso akufuna gawo lina lipite kothandiza odwala kapena ana amasiye. Maganizo anga, ndipo awa ndi anga osati a msonkhano, tichotse kaye za holo, mamaiki ndi jenereta, kenako thiransipoti ya akutali, zotsalazo ndiye tigawane mofanana, zikatsala n'komwe. Ife tidzakwera minibasi imodzi kapena kabaza, ena kuyenda wapansi, anzathuwo adzadzuka 3 koloko m'bandakucha, ndipo kunena zoona anthu akadzatuluka muholo akukamba za konsati adzakhala akukamba za iwowo. Koma yankho ndi lanu, likufunika pa msonkhano wotsatira pakatha masabata atatu.

Kufupa sikunaletsedwe koma kudzakhala lichero kutsogolo, munthu aziponya mmenemo nyimbo ikatha, osati kukwera pasiteji kukaika ndalama m'thumba la woimba nyimbo ili mkati. Za m'licheromo ndi za kwaya imene ikuimbayo.

Anatikumbutsanso za COSOMA, bungwe lija limatolera ndalama za opeka nyimbo, kuti poti tikulipiritsa pageti komiti ipite ku ofesi yawo ikakonze za laisensi, nde kwaya iliyonse itumize mayina a nyimbo zake ziwiri ndi amene anazipeka. A mlembi, apa pakufunika chilungamo, ija timaitcha yathu ija tonse tikudziwa kuti tinaimva pa wailesi n'kungosintha vesi yachiwiri. Ngati tikufuna yathuyathu tili ndi ija anapeka malemu a kwayamasitala oyamba, ndipo imakoma kale popanda zoimbira.

Yunifomu aliyense yake, koma pa nyimbo ziwiri zapamodzi tidzaima mwa mawu osati mwa makwaya, abesi onse mbali imodzi choncho, ndiye padzakhala pulakatisi imodzi ya tonse Loweruka lomaliza la Novembala, amene sadzabwera tsiku limenelo sadzaimba nawo Hallelujah. Mkulu wa solofa uja ndinamupempha pambali ngati angabwere kudzatithandiza, wavomera maulendo awiri, safuna malipiro, akuti thiransipoti ndi nsima basi. A kwayamasitala musandimve molakwika, sikuti ndikukuchotsani udindo, inunso munanenapo kuti mwatopa kuimbira aliyense pati yake mpaka mawu kusasa.

Pa K25,000 imene munandipatsa, thiransipoti kupita ndi kubwera K14,000, chopereka cha nthumwi cha nkhomaliro K5,000, fotokope ya mapepala K2,500, yatsala K3,500 ndipereka kwa mayi msungichuma Lachitatu, lisiti ya fotokope ilipo koma ya minibasi musandifunse. Lachitatu lomwelo 5 koloko aliyense abwere ndi kope ndi pensulo, kiyibodi isiyidwe m'chikwama chake, ndipo atena chonde, olo kugwe mvula ya matalala.