Abambo nawonso azipita kusikelo

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abambo anzanga. Mukapita kusikelo ya ana osakwana zaka zisanu mupeza amayi okhaokha, ngati kuti katemera ndi kulemera kwa mwana si nkhani ya bambo. Bambo amene amatsegula kabuku ka kuchipatala ka mwana wake amadziwa msanga ngati mwanayo akunyentchera, ndipo sanyinyirika mayi akapempha ndalama yogulira nsinjiro zothira m'phala.

N'chimodzimodzinso kusukulu. Kuyambira mu 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere, koma ulerewo sutichotsera udindo woona makope a ana madzulo aliwonse. Ineyo, kunena zoona, ndinayamba mochedwa, mwana wanga atabwereza kale Sitandade 3.

Bambo wokhudzidwa,
Zomba